Mtayo wa M'ngalande ya Aroma

Mayi Rabecca Kachingwe kwawo ndi kwa Mkanda ku Mchinji, koma imvi zawamerera ku Woolwich. Anafika ku London akadali ndi mphamvu zawo, kutsatira amuna awo, bambo Weston, amene anayendetsa mabasi mpaka maso atayamba kuchita nkhungu. Mayiwo ntchito yawo inali ya m'nyumba zosamalira okalamba: kusambitsa, kudyetsa, kutembenuza munthu pabedi kuti asachite zilonda. Msana utakana, anasiya. Ana anakula n'kubalalika. Chinatsala ndi tchalitchi cha ku Peckham Lamulungu, ndi kadimba ka lendi ka kukhonsolo chakufupi ndi Thamesmead, komwe amalimako nkhwani, nyemba, ndi chimanga chimene dzuwa la kuno limachisiya panjira.

Ndi mayi wosachedwa ndi zokambirana. Akaona chinthu chili pamalo polakwika amachichotsa, mafunso pambuyo. Khalidwe limeneli linawathandiza zaka zambiri pantchito.

Mnzawo wapamtima ndi mayi Winfrida a ku Chipata, opemphera nawo limodzi. Mwana womaliza wa mayi Winfrida, Mwiza, anakulira kumsana kwa mayi Rabecca masiku amene mayi ake ankagwira mashifiti awiri. Mtsikanayu anaphunzira za mafupa a anthu akale. Mayi ake ankadandaula poyera kuti ana a anzawo akuphunzira unesi, wawo akuphunzira kufukula manda. Atamaliza sukulu anakhala nthawi yaitali akugulitsa khofi pasiteshoni. Kenako mwayi unamugwera. M'kati mwa mzinda, pafupi ndi mtsinje, anagumula nyumba yakale ya maofesi, ndipo pansi pake panapezeka mabafa a Aroma. Kampani ya akatswiri ofukula zakale inamulemba Mwiza kuti azisamala mafupa onse otuluka pamenepo.

Ndiye amene anawaitana mayi Rabecca, m'Chinyanja chake cha ku Lusaka chobookabooka ndi Chingerezi.

"Ba anti, mungonkhala chabe pa nyumba kuyambana na ba ankolo. Bwelani mukatithandize kusuka vinthu."

"Kutsuka chiyani?"

"Vimene tifukula. Benangu obwela kuthandiza ni ba gogo monga imwe."

"Gogo ndi mayi ako. Tiyi aliko?"

Tiyi analiko. Anawapatsa chipewa cholimba, jekete lowala, beseni ndi mswachi, n'kuwakhazika m'kontena yachitsulo m'mbali mwa dzenje.

Dzenjelo linali lakuya kuposa nyumba. Mwiza anawayendetsamo tsiku loyamba. Kalelo London inali doko, anatero, madzi a kunyanja ankakwera ndi mtsinje mpaka pafupi ndi khoma ili, ndipo anthu a m'zombo ndi amalonda ankabwera kudzasamba pamodzi. Apa chipinda cha madzi ozizira, apa ofunda, apa otentha. Pansi pa chipinda chotentha panali timizati ta njerwa zosanjikiza, mizeremizere, tonyamula poponda anthu, kuti kutentha kwa moto kuzidutsa kunsi.

"Wosonkha motowo anali ndani?"

"Akapolo, ba anti."

"Ndinadziwa. Osamba ndi ena, wofiira maso ndi wina."

Zambiri zimene ankatsuka zinkachokera m'ngalande yotayira madzi, imene inkadutsa pansi pa zipinda zonse kulowera kumtsinje. Munthu akavula kuti asambe amataya zinthu. Munkatuluka mikanda, timitengo ta fupa tomangira tsitsi, timiyala togweka m'mphete, ndi zigoba za nkhono zosatha. Mayi Rabecca ntchitoyi inawakomera. Ankatsuka mofatsa monga ankasambitsira nkhalamba zawo, n'kuyanika pa thireyi.

M'ngalande momwemo, tsiku lina, munapezeka khanda.

Linali lopindika pamene ngalande ikhotera, mafupa ake opyapyala ngati a nkhunda. Ntchito inaima. Amuna onse anatsika kukaona, wina sangweji ili m'manja. Bambo Newton, mkulu wa ntchitoyo, anagwada n'kumayerekeza kafupa ka ntchafu ndi cholembera chawo. Mafoni anajambula. Pofika madzulo Mwiza anali atatola zonse, n'kuziika m'timatumba ta pulasitiki, timatumbato m'bokosi, bokosilo pa shelefu ya m'kontena, pamwamba pa ketulo, pafupi ndi chitini cha mabisiketi.

Mayi Rabecca sanatsike nawo. Kwawo mwana wobadwa wakufa, kapena wofa asanatuluke m'chikuta, amatchedwa mtayo. Mtayo salira. Mwamuna sayandikira, ngakhale bambo ake. Amayi okhaokha amamukulunga m'nsalu, amapita naye dzuwa lili paliwombo, amakumba pang'ono chabe, chifukwa amati ukakumba mozama watseka mimba ya mayi wake. Pamwamba amaikapo minga kuopa agalu. Pobwerera sacheuka, ndipo nkhaniyo sikambidwanso. Iwo ali mayi wachitsikana ku Mchinji ankatumidwa kunyamula khasu pa maulendo otere, chifukwa anali wosunga pakamwa. Zimenezi tchalitchi sichinawachotse, London nayo inalephera.

"Mumuika liti?" anamufunsa Mwiza atatsala awiri.

"Osati manje. Afunika apite ku labu poyamba."

Mtsikanayo anafotokoza maso akuwala. M'kati mwa khutu muli kafupa kolimba, kochepa ngati njere ya chimanga. Kameneko akakapima kamanena ngati mwanayo anali wamwamuna kapena wamkazi, ndi kumene makolo ake anachokera. Timano timene tinali tisanamere timanena ngati anakhalako ndi moyo. Mwina zikanasonyeza kuti akazi ankagwira ntchito yanji m'mabafa amenewa. Bambo Newton anali atamuuza kuti ntchito imeneyi ndi yake, kuyambira padzenje mpaka polemba.

"Ni ine nizalemba za uyu mwana, ba anti. Zina langa pamwamba. Khofi nasiya."

"Akamaliza kupima?"

"Bazamusunga mu bokosi ku sitolo yawo. Mwina bazamuika, mwina iyai."

"Pa shelefu ngati shuga."

"Anafa kale maningi. Kulibe amene amulila."

"Ndani wanena za kulira? Ndati kuika."

Mwiza anaseka, n'kuwagwira paphewa. Iwo sanaseke. Sabata imeneyo tiyi wa m'kontena sanamwenso. Amuna ankalowa ndi nsapato zamatope, kutambasula dzanja kudutsa bokosi lija kuti afike pa mabisiketi, ndipo aliyense wobwera kudzacheza ankatsegulidwira chivindikiro. Galimoto ya ku labu inali kubwera Lolemba.

Lachisanu masana Mwiza anafunika kuperekeza mayi ake kuchipatala. Lamulo linali lakuti kiyi wa kontena sachoka m'manja mwa wolembedwa ntchito. Koma mayi Rabecca anali asanamalize kuyanika, ndipo nthawi inali itatha.

"Mukasiliza mukhome, ba anti. Kiyi muzanipasa ku chechi. Osauza munthu, bazanipaya."

Anamaliza kuyanika. Anakolopa. Kenako anatsitsa bokosi, anakhuthulira timatumba tonse m'chitenje chimene ankakulungira mbale ya chakudya chawo chamasana, n'kumanga mfundo. Bokosi lopanda kanthu analibweza pa shelefu. Anakhoma chitseko. M'sitima ya Elizabeth line anakhala chikwama chili pamiyendo, manja onse awiri pamwamba pake. Mtima unali m'malo. Sankaona kuti akuba. Ankaona kuti pamalo ponse paja mayi wodziwa mwambo anali mmodzi, ndipo ntchito ikasowa mwini imagwera amene alipo.

Loweruka dzuwa lili paliwombo anali kudimba. Anachotsa mafupa m'mapulasitiki, anawakulunga bwino m'chitenje, anakumba pang'ono m'mphepete mwa mzere wa maungu, n'kukwirira. Minga inalipo kumpanda, ya mabulosi akutchire, koma atangoyamba kudula, mzungu wa dimba loyandikana anatulukira ndi mafunso ake a za nkhono zodya kabichi. Anamuyankha, anatola khasu, anachoka osacheuka. Kunyumba sanawauze kanthu bambo Weston. Lamulungu anabweza kiyi.

Lolemba anafika galimoto itaima kale pageti. Mwiza anali m'kontena, mabokosi onse ali pansi, akutsegula lililonse kawirikawiri. Nkhope inali itachita phulusa. Bambo Newton anaima pakhomo, osakweza mawu. Anafotokoza m'Chingerezi kuti mafupa a munthu si mikanda. Boma linapereka chilolezo chowafukula, ndipo kampani iyenera kudziwa kumene ali nthawi iliyonse. Kenako anafunsa amene anakhoma Lachisanu.

Mayi Rabecca anali pa beseni lawo, mswachi uli m'manja. Anatsegula pakamwa.

"Ndine," anatero Mwiza. "Ndinakhoma ndekha. Kiyi sanachoke m'thumba mwanga."

Mayi Rabecca sanawayang'ane n'komwe. Bambo Newton atachoka, anabwera kudzawanong'oneza.

"Musaope, ba anti. Nikakamba kuti munali na kiyi bazakuvutisani na mafunso, ise anthu akuda mwaziba kale. Munakhoma bwino, ai?"

"Ndinakhoma."

"Basi. Ni munthu wina wamene ali na kiyi inangu."

Tsiku lomwelo bambo Newton anamuuza Mwiza kuti ayambe wakhala kunyumba mpaka nkhani ifufuzidwe. Alonda anafunsidwa. Mnyamata wina wokumba, amene anajambula kwambiri tsiku lija, anayamba kuyang'anidwa ndi diso loipa. Mayi Rabecca anapitirizabe kupita, kutsuka zigoba za nkhono. Palibe anawafunsa kanthu. Ndani angaganizire gogo wa beseni? Ankadziuza kuti mtayo sukambidwa, kuti nkhani idzazizira, kuti azungu amataya zinthu tsiku ndi tsiku. Koma akaona foni ikuwala dzina la mayi Winfrida ankaitembenuza.

Lamulungu lotsatira, mapemphero atatha, amayi anatsalira m'chipinda chakumbuyo monga mwa nthawi zonse. Mayi Winfrida anaimirira. Anati mwana wawo sakudya, satuluka m'chipinda, ndipo ntchito imene anaidikira zaka ikumupulumuka chifukwa cha mbava yopanda manyazi, yoba ngakhale akufa.

"Amai Kachingwe, ndimwe akulu pano, ndimwe munamulela. Tipemphelereni. Wamene anachita ichi, Mulungu amuike poyela, asapeze tulo."

Amayi anagwada. Mayi Rabecca anapemphera. Mawu anatuluka bwinobwino, poti pakamwa panazolowera. Anapempha kuti chobisika chiululike, ndipo chipinda chonse chinavomera ameni wamphamvu. Mayi Winfrida anawakumbatira, misozi ikunyowetsa bulauzi.

Pobwerera, m'basi, anaswa mwambo. Anawauza bambo Weston zonse, maso ali pawindo.

Bamboyo anawatembenukira.

"Ndiye kuti mwaba maliro."

"Ndaika mwana."

"Kwanu kuja, ponyamula khasu, munkangodzuka nokha?"

"Ankandituma."

"Ankakutumani eni mwana. Kuno anakutumani ndani? Ndipo nkhwani zimene ndadya Lachitatu zachokera pamenepo?"

"Inu, nkhani ndi imeneyo?"

"Nkhani ndi mwana wa Winfrida. Wakufayo wadikira zaka zonsezi, akanadikirabe. Mawa mukafukule."

M'mawa mwake anapita ndi khasu. Sanafunike kukumba. Pamene anakwirira panali dzenje lokandakanda, dothi litamwazikira m'maungu. Chitenje chinali uko kumpanda, chong'ambika pakati. Nkhandwe za ku London sizisiya dothi lofukulidwa kumene, ndipo nsalu ija inkanunkha usipa wa masana ambiri. Mafupa owuma zinalibe nawo ntchito. Zinangowamwaza. Kanthiti apa, kachidutswa ka mutu apo, tina titapondedwera m'matope a mvula ya sabata yonse.

Anakhala pansi pa chidebe chogadabuza. Kenako anatulutsa foni.

Mwiza anafika ndi basi, atavala chijasi cha mayi ake. Anaima m'mphepete mwa dimba, kuyang'ana dzenje, chitenje, ndi timafupa timene mayi Rabecca anali atatola n'kuika pa chivindikiro cha chidebe. Anamvetsera mpaka kumapeto osadula mawu.

"Munali pamene paja," anatero. "Pamene nenze kunama, imwe munali pa beseni."

"Ndinalipo."

"Na ku chechi munapemphela. Ba mami baniuza kuti munapemphela bwino maningi."

"Ndinapemphera."

"Sembe munanifunsa chabe."

"Ukanakana."

"Ee, sembe ninakana!"

"N'chifukwa chake sindinafunse."

Mwiza anatembenuka, n'kuyenda mpaka kumpanda. Atabwerako anavula chijasi.

"Musapondenso apo. Muli na sefa?"

Sefa inalipo, ya manyowa. Anakhoma timitengo, anamanga ulusi wa nyemba kugawa malowo m'timabwalo, n'kuyamba kusefa bwalo limodzilimodzi, Mwiza akutola, mayi Rabecca akunyamula dothi ndi msana wawo wokana uja. Maungu onse anazulidwa. Sanalankhulane kupatula "bweletsani" ndi "tayani". Dzuwa likupendeka anali atapeza zambiri: manja, miyendo, nthiti, timano tingapo. Kafupa ka m'khutu sikanapezeke, kumanja ngakhale kumanzere.

"Tikangosiya pageti m'mamawa, osanena?" anafunsa mayi Rabecca.

"Fupa yamene siiziwika kwamene yachoka ni chinyalala chabe. Ba Newton bafunika bauziwe vonse."

"Ndiye ndikanena kuti kiyi ndinachita kukubera m'jekete. Iwe sunadziwe."

Mwiza anayamba kulongedza timafupa m'bokosi. Sanavomere, sanakane.

Tsiku lotsatira analowa onse awiri mu ofesi ya bambo Newton, imene inalinso kontena. Mayi Rabecca anaika bokosi patebulo n'kulankhula Chingerezi chawo cha m'nyumba za okalamba, chomveka bwino, chopanda zokometsera. Anafotokoza za mtayo, za dimba, za nkhandwe. Bamboyo anavula magalasi n'kupukuta nkhope ndi manja awiri. Anafunsa mafunso ochepa: anakumba mozama bwanji, anagwira ndi manja kapena ndi magolovesi, m'dimbamo amathiramo manyowa anji. Kenako anafunsa za kiyi.

"Ndinamubera m'jekete akudya," anatero mayi Rabecca. "Mwanayu sanadziwe kanthu."

Bambo Newton anatembenukira kwa Mwiza.

"Ndi zoona?"

Mayi Rabecca anamuponda phazi pansi pa tebulo. Mwiza anachotsa phazi lake.

"Ayi. Ndinawapatsa ndekha. Ndipo Lolemba lija ndinanama."

Kunja makina opopa madzi m'dzenje ankalira.

Bambo Newton sanaitane apolisi. Anati adzalembera a boma zimene zachitika, momwe zachitikira, ndipo mayi Rabecca asadzapondenso pamalopo. Kwa Mwiza anati kupereka kiyi akanakhululuka, poti aliyense analakwirapo. Koma bodza lija linachititsa kuti sabata yonse afufuze anthu osalakwa mafupa akuvumbidwa ndi mvula, ndipo akanadziwa Lolemba lomwelo mwina akanawapeza nkhandwe zisanafike. Sangamusiyirenso mafupa a anthu. Amalize mweziwo akutsuka njerwa, kontirakiti ikatha sawonjezera. Zotsala za mwanayo apatsa munthu wina, ngati pali chimene angapezemo.

Mayi Rabecca anayamba kupempha. Anati mwanayu ananama poteteza nkhalamba, kwawo chimenecho ndi ulemu. Anati chilango chonse chigwere iwo.

"Ba anti, lekani," anatero Mwiza. "Mwachita kale vambili."

Anatuluka. Pageti mayi Rabecca anabweza chipewa ndi jekete kwa mlonda. Mwiza anawaperekeza mpaka pamsewu, poti ngakhale atakwiya anali mwana woleredwa.

"Mayi ako ndikawauza ndekha."

"Muziba nyumba."

Anapitadi madzulo omwewo. Mayi Winfrida anamvetsera ataima, sanawapatse mpando. Atamaliza anawatsegulira chitseko.

Mwiza anamaliza mwezi wake. Anakhala kanthawi osapeza kanthu, kenako anapeza ntchito kumpoto kwa dziko, yoyenda patsogolo pa makina okonza msewu, kuona ngati m'dothi muli zakale. Mafupa a anthu sagwira. Ku Peckham amabwera pa Khirisimasi. Pamalo pa mabafa paja panamangidwa maofesi ena, ndipo m'lipoti la ntchitoyo mwana wa m'ngalande anapatsidwa ndime imodzi, yonena kuti mafupa ake anasokonezeka atafukulidwa kale, choncho sizinatheke kudziwa zambiri.

Mayi Rabecca akadali ku Woolwich. Kutchalitchi amakhala benchi la kumbuyo, ndipo amayi akawapempha kutsogolera pemphero amati pakhosi pawavuta. Mayi Winfrida amawapatsa moni, amafunsa za msana, n'kupitirira. Chaka chatha bambo Weston anamva kuti kampani ina yofukula zakale ikufuna munthu wa mafupa kuno ku London, ndipo mayi Rabecca anatumiza uthengawo kwa Mwiza pa foni. Foni inasonyeza kuti wawerenga. Sanayankhe.